Pepani Sapoletsa Chilonda: Chifundo cha pa Intaneti ndi Moto wa ku Ekurhuleni

Dzina lakuti Ekurhuleni ndi la Chitsonga, ndipo limatanthauza malo a mtendere. Linaperekedwa m'chaka cha 2000 pamene matauni a kum'mawa kwa Johannesburg, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Springs ndi Kempton Park, pamodzi ndi makomboni a Tembisa, Katlehong, Thokoza ndi Vosloorus, anaikidwa pansi pa khonsolo imodzi. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, pa 18 Meyi 2008, m'dera la zisakasa lotchedwa Ramaphosa, pafupi ndi Reiger Park ku Boksburg, chigulu cha anthu chinamenya Ernesto Alfabeto Nhamuave, bambo wa zaka 35 wochokera m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, chinamuvundikira ndi zofunda zake zomwe, ndi kumuyatsa moto masana anthu akuona. M'masabata amenewo anthu 62 anaphedwa m'dziko la South Africa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dzikolo. Ena mwa amene ankasakidwa anali Ashangani, eni ake a chiyankhulo chimene chinapereka dzina la mzindawo.

Atolankhani anajambula Nhamuave akupsa, ndipo chithunzicho chinafika m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Kuyambira nthawi imeneyo, chipolowe chikangobuka, chithunzi chomwecho chimatulukanso pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa Twitter imene tsopano ikutchedwa X, ndipo pansi pake pamadzaza timitima, tinkhope tolira ndi mawu opepesa. Komatu pa 27 Okutobala 2010 apolisi anatseka mlandu wa imfa yake ponena kuti panalibe mboni kapena woganiziridwa. M'chaka cha 2015 atolankhani a nyuzipepala ya Sunday Times anapita ku Ramaphosa ndi kukapeza mayi amene anaona zonse, amenenso anatha kuloza ena mwa amene anachita zimenezi. Palibe munthu amene anapatsidwa chilango chifukwa cha imfa imeneyo. Munthu amene imfa yake inaonedwa ndi maso ochuluka chotere anasowa mboni imodzi yokha m'kaundula wa polisi.

Apa ndiye pagona funso la nkhani ino: kodi kudina kachizindikiro kosonyeza chisoni, kusintha chithunzi cha pa tsamba, kapena kugawa mawu a hashtag kumasintha kanthu pa moyo wa munthu amene akuthamangitsidwa? Yankho limene nkhani ino ikuima nalo ndi lakuti pazokha zinthu zimenezi sizisintha kanthu, ndipo nthawi zambiri zimaononga, chifukwa zimapatsa munthu mtima wakuti wagwira ntchito imene sanaigwire. Pamene zaoneka ngati zathandiza, ukafufuza bwino umapeza kuti kumbuyo kwake kunali munthu amene anataya kanthu: ndalama, nthawi, malonda, kapena chitetezo cha moyo wake.

Mchewa aliyense amadziwa kuti mawu opepesa ali ndi malo ake. Pamudzi pakagwa zovuta, anthu amabwera kudzanena kuti pepani, ndipo amene sanabwere amakumbukiridwa zaka zambiri. Koma pepani wa pamaliro sayenda yekha. Amayi amabwera ndi ufa, nkhuni ndi ndowa za madzi. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Abambo amagona panja pa siwa usiku wonse kuli mphepo. Ndipo mwambo usanathe, mndandanda wa chipepeso umawerengedwa pagulu, dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo. Munthu amene angaime pamsewu, kukuwa kuti pepani, ndi kupitiriza ulendo wake, sawerengedwa kuti wafika pamaliro. Makolo anaona kale kusiyana kwa mawu ndi mankhwala pamene ananena kuti pepani sapoletsa chilonda. Mwambiwu suletsa kupepesa ayi. Umangokumbutsa wopepesayo kuti akatha kuyankhula, chilonda chija chidakalipo ndipo chikufuna womanga.

Akatswiri a ziyankhulo anafika pa mfundo yomweyi podzera njira ina. J. L. Austin, m'buku lake la 1962 lotchedwa How to Do Things with Words, anasonyeza kuti pali mawu ena amene safotokoza chinthu koma amachichita. Mfumu ikanena pabwalo kuti mlandu watha, mlanduwo wathadi. Ankhoswe akavomereza ukwati, ukwatiwo wamangika. Koma Austin anachenjeza kuti mawu otere amagwira ntchito pokhapokha akanenedwa ndi munthu woyenera, pamalo poyenera, ndiponso wonenayo akatsatira ndi zochita zimene mawuwo akulonjeza. Mwana wosewera masanje akanena kuti mlandu watha, palibe mbuzi imene imabwezedwa. Zaka pafupifupi makumi anayi Austin asanasindikize bukulo, mu 1923, Bronisław Malinowski anali atafotokoza za mtundu wina wa mawu, amene ntchito yake ndi kungosunga ubale pakati pa oyankhulana, monga malonje a panjira. Wofunsa kuti mwaswera bwanji sayembekezera mbiri ya matenda. Akungosonyeza kuti wakuonani ndipo alibe nanu chifukwa. Chifundo chambiri cha pa intaneti ndi cha mtundu wachiwiriwu, koma chimadzionetsa ngati cha mtundu woyamba. Wolemba hashtag amapereka moni kwa anzake oganiza ngati iye, kenaka n'kukagona akukhulupirira kuti wagamula mlandu.

Mbiri ya zaka zimene zatsatira imfa ya Nhamuave ikuchitira umboni mfundoyi. Mu 2008 chizolowezi cha hashtag chinali chisanakwanitse ndi chaka chomwe, ndipo anthu ambiri a ku East Rand analibe mafoni okhala ndi intaneti. Amene anathawira ku holo ya mzinda ku Germiston, ku polisi ya Primrose ndi ya Reiger Park, ndipo pambuyo pake ku misasa ya matenti monga wa pafupi ndi bwalo la ndege la Rand, anakhala ndi moyo chifukwa cha mabulangete, buledi ndi mankhwala zimene mipingo, mizikiti, mabungwe monga Gift of the Givers ndi anthu wamba ananyamula ndi manja awo. Mu Epulo 2015, chipolowe chitabukanso ku Durban ndi ku Johannesburg, zinthu zinali zitasintha: mawu akuti #SayNoToXenophobia ndi #NoToXenophobia anadzaza masamba a mchezo mu Africa monse. Mu Seputembala 2019 anadzazanso kuposa kale, pamene moto unachoka ku Jeppestown ndi kufika ku Germiston, Tembisa ndi Katlehong. Ku Katlehong anthu mazanamazana, pakati pawo Amalawi, anthu a ku Mozambique ndi a ku Zimbabwe, anagona pansi m'maholo a Tsolo ndi DH Williams, zisakasa zawo zitatenthedwa. Boma linalengeza kuti anthu 12 anafa, ndipo 10 mwa iwo anali nzika za South Africa. Pakati pa 2008 ndi 2019 chiwerengero cha anthu odandaula pa intaneti chinakwera kwambiri, koma mayi wothawa ndi mwana kumbuyo ku Katlehong anagona pa simenti yofanana ndi imene mnzake anagonapo ku Germiston zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo.

Ngakhale zimene boma linachita poyankha mkuwe wa 2015 n'zofunika kuziyang'ana bwino. Kumapeto kwa Epulo chaka chimenecho linakhazikitsa Operation Fiela. Fiela ndi mawu a Chisotho otanthauza kusesa, ndipo ambiri mwa amene anasesedwa pa zipikisheni za apolisi ndi asilikali anali alendo omwewo opanda zikalata. Dziko lonse linakuwa kuti alendo atetezedwe, ndipo alendo anakwezedwa m'magalimoto a polisi. Mu Malichi 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi tsankho ndi kudana ndi alendo, koma patangopita miyezi isanu ndi umodzi Katlehong anayaka. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo, m'lipoti lake la 2010, linasonyeza kuti mwa milandu 597 yokhudza chipolowe cha 2008, yosakwana 100 ndiyo inali itathera pa chigamulo chakuti oimbidwa mlandu ndi olakwa. Woyatsa moto amene waona mnzake akuyenda mfulu m'komboni saopa tinkhope tolira ta pa foni ya munthu wa ku Lilongwe kapena ku London.

Koma pali chinthu china chowawa kuposa pamenepa, ndipo amene amanyoza intaneti yonse kuti ndi masewera sachiona. Ku South Africa hashtag inagwirapo ntchito, ndipo inagwira mwamphamvu, koma inali m'manja mwa odana ndi alendo. Mu 2020 mawu akuti #PutSouthAfricansFirst anafalitsidwa usana ndi usiku ndi gulu la masamba a pa Twitter lozungulira tsamba la dzina lopeka la uLerato Pillay. Pa 23 Seputembala chaka chimenecho anthu anayendadi m'misewu ya Pretoria pansi pa mawu amenewo. Pa 16 Juni 2021 gulu la Operation Dudula linayamba ntchito yake ku Soweto, ndipo linafalikira m'madera ena, kuthamangitsa ogulitsa malonda m'misewu ndi kufunsa anthu zitupa pa zipata za zipatala. Mu Epulo 2022, mpweya woterewu utadzaza m'makomboni, Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anatulutsidwa pamene anabisala ku Diepsloot ndi gulu lofunsa ziphaso, ndipo anamenyedwa ndi kutenthedwa monga momwe anachitira Nhamuave.

N'chifukwa chiyani chida chimodzi chomwecho chikhale chakuthwa m'dzanja lina ndi chobuntha m'dzanja linzake? Yankho lili m'galamala ya mawuwo. Mawu onse awiri ali ndi mneni wolamula. Koma lamulo la #SayNoToXenophobia ndi lakuti nena, ndipo aliyense amene walemba mawuwo wamvera kale lamulolo. Ntchito yathera pa chala. Silitchula munthu amene ayenera kuchita kanthu, silitchula tsiku, silitchula malo. Lamulo la #PutSouthAfricansFirst silikwaniritsidwa ndi kulemba. Likuloza kwa bwana wolemba ntchito, mwini nyumba ya lendi, namwino wa pachipatala ndi nduna ya boma, ndipo limakhala ngongole yosabwezedwa mpaka munthu wina atachotsedwa pamalo pamene ali. Dudula ndi mawu a Chizulu otanthauza kukankha kapena kutulutsa mokakamiza. Buyelekhaya, dzina la kampeni yothamangitsa alendo ku Alexandra kumapeto kwa 1994 ndi kumayambiriro kwa 1995, limatanthauza kuti bwerera kwanu. Onsewa ndi aneni ofuna pamtherankhani wa mnofu ndi magazi. Odana ndi alendo amagwiritsa ntchito foni monga ng'oma yoitanira anthu kubwalo, pamene achifundo amaigwiritsa ntchito monga malo ousira moyo.

Palinso nkhani ya chiyankhulo chimene chifundocho chimalembedwamo. Xenophobia ndi mawu ochokera ku Chigiriki amene analowa m'Chingerezi, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi mantha a mlendo. M'misewu ya Katlehong, Tembisa ndi Ramaphosa anthu amakangana m'Chizulu, Chisotho, Chipedi, Chixhosa ndi Chitsonga. Othamangitsidwa amalira m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chishona, Chisena ndi Chisomali. Mawu amene amapweteka kumeneko ndi akuti makwerekwere, amene ambiri amati amayerekezera phokoso la chiyankhulo chosamveka. Hashtag ya Chingerezi imadutsa pamwamba pa magulu onse awiri ngati ndege yonyamuka pa bwalo la OR Tambo, imene anthu a ku Tembisa amaimva kulira koma saikwera. Imafika kwa aphunzitsi a m'mayunivesite, atolankhani ndi ogwira ntchito m'mabungwe, anthu amene sanaganizepo zoyatsa munthu moto. Ndipo popeza mawuwo ndi achilendo, amapatsa atsogoleri mpata wokangana za dzina m'malo mwa mlandu. Pa mwambo wokumbukira ophedwa pa 3 Julayi 2008, Pulezidenti Thabo Mbeki anakana kuti zimene zinachitikazo zinali kudana ndi alendo, ndipo anati unali umbanda chabe. Atsogoleri ena akhala akubwereza mfundo yomweyo chipolowe chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti zigawenga za 2008 zinkadziwa bwino za mphamvu ya mawu kuposa ophunzira ambiri. Zinamveka m'malipoti a nthawi imeneyo kuti munthu ankaimitsidwa panjira ndi kufunsidwa dzina la Chizulu la chigongono, lomwe ndi indololwane, mawu amene ngakhale achinyamata ena obadwira m'tauni saagwiritsa ntchito. Wolephera kuyankha ankamenyedwa. Nkhani yofanana nayo ili m'Buku la Oweruza, chaputala 12, pamene anthu a ku Efraimu ankadziwika ndi katchulidwe ka liwu limodzi pa madooko a Yordano. Liwu limodzi linkalekanitsa moyo ndi imfa, osati chifukwa cha zilembo zake, koma chifukwa wofunsayo anali atagwira chikwanje. Mawu amabwereka mphamvu kwa chimene chaima kumbuyo kwake. Choncho funso loyenera kufunsa pa hashtag iliyonse ndi lakuti kumbuyo kwake kwaima chiyani.

Otsutsa mfundoyi ali ndi zitsanzo zawo, ndipo n'zosayenera kuzinyalanyaza. Amati mu 2014 masewera odzithira madzi ozizira pamutu anapezetsa bungwe la ALS Association ku America ndalama zokwana madola 115 miliyoni. Amati mu Okutobala 2015 ophunzira a #FeesMustFall anakakamiza Pulezidenti Jacob Zuma kulengeza kuti fizi sikwera m'chaka chotsatira. Amatinso zithunzi za Emmanuel Sithole, wa ku Mozambique, amene anabayidwa ku Alexandra pa 18 Epulo 2015, zitafalikira, omupha anagwidwa m'masiku ochepa ndipo anaweruzidwa. Zonsezi n'zoona. Koma odzithira madzi aja anatsegula zikwama zawo. Ophunzira aja anatseka makalasi, anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town ndi ku Union Buildings ku Pretoria, ndipo anapuma utsi wokhetsa misozi. Zithunzi za Sithole zinajambulidwa ndi James Oatway, amene anaima pafupi ndi anthu ogwira mipeni ndipo pambuyo pake ananyamula wovulalayo kupita naye kuchipatala. Nkhope za akuphawo zinkaoneka bwino, ndipo panapezeka anthu a m'deralo amene analimba mtima kuthandiza apolisi. Pa zitsanzo zonsezi intaneti inali mthenga, ndipo katundu anasenzedwa ndi anthu.

Chimodzimodzi ndi zimene mayiko oyandikana nawo anachita. Mu Epulo 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake, anthu anayenda ku Lilongwe kukapereka chikalata ku ofesi ya kazembe wa South Africa, ndipo bungwe loimira ogula la CAMA, motsogozedwa ndi John Kapito, linamema anthu kuti anyanyale masitolo a makampani a ku South Africa. Ku Lusaka wailesi ya QFM inasiya kuimba nyimbo za ku South Africa. Mu Seputembala 2019 bungwe la mpira la Zambia linathetsa masewera amene timu yake inayenera kusewera ndi Bafana Bafana ku Lusaka, ndipo Madagascar nayo inakana kulowa m'malo mwake. Woimba wa ku Nigeria Tiwa Savage anakana kukaimba ku Johannesburg. Pa 14 Seputembala, pa mwambo wa maliro a Robert Mugabe ku Harare, khamu la anthu linakuwiza Pulezidenti Cyril Ramaphosa mpaka anapepesa pomwepo, ndipo pambuyo pake anatumiza nthumwi ku mayiko angapo a mu Africa. Boma la Pretoria linamva kuwawa pamene malonda, masewera ndi ulemu wake zinakhudzidwa. Aliyense mwa anthu amenewa anasiya kanthu kamene akanapindula nako, ndipo kutayako ndiko kunapatsa mawu awo kulemera.

Otsutsa ena amati ngakhale kachizindikiro kakang'ono ndi khomo lolowera. Amene wadina lero, mawa adzapereka. Kafukufuku wa Kirk Kristofferson, Katherine White ndi John Peloza, wosindikizidwa mu Journal of Consumer Research mu 2014, anapeza kuti anthu amene asonyeza chithandizo chawo choyamba poyera, pamaso pa anzawo, sakhala ofunitsitsa kuchitapo china chachikulu poyerekeza ndi amene anachisonyeza mwamseri. Woonekera walandira kale malipiro ake, omwe ndi kutamandidwa. Bungwe la UNICEF ku Sweden linafika pochita kampeni mu 2013 yokumbutsa anthu kuti kudina pa Facebook sikugula katemera. Mu Epulo 2014 atsikana 276 anabedwa pasukulu ku Chibok m'dziko la Nigeria, ndipo anthu otchuka a dziko lonse anajambulitsa atanyamula mapepala olembedwa #BringBackOurGirls. Patatha zaka khumi, mu 2024, atsikana oposa 80 anali asanabwerere kwawo. Amene anapitiriza kufunsa za iwo anali makolo awo ndi kagulu ka anthu kamene kankasonkhana ku Abuja dziko litaiwala.

Chifundo chosafufuza chimathanso kuyatsa moto wina. Mu Seputembala 2019 makanema ambiri amene anagawidwa monga umboni wa zochitika ku Johannesburg anali akale kapena a kwina. Imodzi mwa makanemawa, yoonetsa anthu akudumpha kuchoka pa nyumba yosanja yoyaka moto, inali ya ngozi imene inachitika ku Surat m'dziko la India mu Meyi chaka chomwecho. Ogawawo ankadziona ngati akuima ndi ozunzidwa. Zotsatira zake, masitolo a Shoprite ndi maofesi a MTN ku Nigeria anaukiridwa, m'mene ogwira ntchito ambiri anali anthu a ku Nigeria komweko; makolo a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay anagona osatseka maso poganiza kuti aona imfa ya ana awo; ndipo akuluakulu a boma la South Africa anapeza poyambira kunena kuti nkhani yonse ikukokomezedwa. Bodza limodzi logawidwa ndi mtima wabwino linafooketsa umboni wa anthu amene nyumba zawo zinapsadi ku Katlehong.

Kunena zoona, pali mtundu umodzi wa uthenga wa pa foni umene umapoletsa chilonda, ndipo Amalawi okhala ku Joni amaudziwa bwino. Mnzawo akamwalira ku Tembisa kapena ku Daveyton, uthenga umayenda m'magulu a WhatsApp a anthu a boma limodzi, mpingo umodzi kapena mzikiti umodzi. Umatchula dzina la womwalirayo, mudzi wake, mfumu yake, ndalama zimene zikufunika kuti thupi lidutse pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndi munthu amene akusonkhetsa. Pansi pake pamakula mndandanda wa maina ndi zimene aliyense wapereka. Amene sanapereke amaonekera, ndipo amadziwa kuti tsiku lake likadzafika anthu adzakumbukira. Uwu ndi mndandanda wa chipepeso uja wa pasiwa, wangosamukira m'foni. Sufuna Chingerezi, sutchuka pa dziko lonse, koma thupi limafika kumudzi. Kusiyana kwake ndi hashtag n'koonekeratu: uthengawu umauza munthu wodziwika kuti achite chinthu chodziwika pofika tsiku lodziwika, ndipo wolandira sangadzipulumutse ndi kankhope kolira.

Amalawi amene amafulumira kudzudzula South Africa pa intaneti ali ndi mayeso ena pakhomo pawo. Ubale wa dziko lino ndi migodi ya ku Rand ndi wakale: Wenela ndi Teba zinanyamula amuna zikwizikwi, ena n'kukhala machona, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974 inapha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Mbiri imeneyi imapatsa Mmalawi ufulu wonena kuti thukuta la makolo ake lili m'nthaka ya Boksburg ndi Springs. Koma mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali a Malawi anagwira anthu mazanamazana othawa kwawo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene ankachita malonda mu Lilongwe ndi m'matauni ena, anawasunga ku ndende ya Maula, ana ndi amayi omwe, ndi kuwatumiza ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma unali ndi oposa 50,000. Dandaulo limene linkamveka pa za Maburundi, lakuti alanda malonda a eni dziko, ndi lomwelo limene limamveka ku Katlehong pa za Amalawi. Kudzudzula wa ku Boksburg uli ku Area 25 n'kosavuta, chifukwa sadzakuyankha. Kuteteza mwini golosale wa ku Burundi pamaso pa anansi ako kumafuna kuti utaye kanthu. Chifundo chimene chimagwira ntchito kutali kokha chiyenera kukayikiridwa.

Chimene chasunthapo zinthu m'zaka zaposachedwapa chinabwera m'njira yotopetsa ya mapepala ndi makhoti. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg linaletsa Operation Dudula kufunsa anthu zitupa ndi kuwatsekereza pa zipatala ndi m'masukulu, pa mlandu umene mabungwe monga Kopanang Africa Against Xenophobia ndi Abahlali baseMjondolo anakasuma. Chigamulo chotere chinafuna anthu opereka umboni wolumbirira, maina awo ali poyera, ndi maloya ogwira ntchito zaka zingapo. Ngakhale chigamulocho chimafunabe wapolisi wochitsatira, koma ndi mawu a mtundu umene Austin ankanena: onenedwa ndi woyenera, pamalo poyenera, okhala ndi chilango kwa wosamvera.

Apa ndi pamene aphunzitsi ndi ophunzira a ziyankhulo za mu Africa ayenera kudzifunsa za gawo lawo. Malamulo aakulu a South Africa, mu gawo 27, amapereka ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo gawo 35 limapereka kwa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa zokambidwa m'khoti m'chiyankhulo chimene amamva. Mayi wa ku Machinga amene wabwezedwa pa chipata cha chipatala ku Thokoza angadziwe bwanji zimenezi ngati palibe amene anazilemba m'Chiyao kapena m'Chichewa chomveka? Mnyamata wa ku Mzimba amene anaona amene anatentha chisakasa cha mnzake angapereke bwanji umboni ku khoti la Palm Ridge kapena la Boksburg ngati womasulira palibe? Kumasulira malamulo, kuphunzitsa omasulira a m'makhoti, kulemba umboni wa othawa m'ziyankhulo zawo usanaiwalike, kuyankha mabodza a Dudula m'Chizulu ndi m'Chisotho chimene anthu a m'komboni amamva: zonsezi ndi ntchito za mawu, ndipo palibe amene angazigwire bwino kuposa ophunzira ziyankhulo. N'zochedwa, sizibweretsa timitima, ndipo zimadya Loweruka la munthu.

Palibe amene akuletsedwa kulira pa foni yake. Wothawa amene wagona m'holo akaona kuti kwinakwake anthu akumukumbukira, mtima wake umatsikako pang'ono, ndipo chitonthozo chimenecho si chonyozeka. Cholakwa ndi kuwerenga chitonthozocho monga malipiro a ngongole yonse. Malamulo a South Africa saika malire a zaka pa mlandu wakupha, kotero kaundula wa Ernesto Nhamuave akhoza kutsegulidwanso tsiku lililonse. Pakufunika mboni yotetezedwa, wapolisi wofufuza, loya woumirira, ndi womasulira wa abale ake a ku Inhambane. Mwa anthu onse amene agawapo chithunzi chake kuyambira 2008, ochepa chabe akanakwanira kulipira zonsezi.